Injini Inakwera Machila

Njinga yamoto yoyamba imene ndinaikhudza ndi manja anga inali ya mzungu wolima tiyi kunsi kwa phiri, mbali yolowera ku Limbuli. Inafika nkhondo ya Ajeremani itatsala pang'ono kuyamba, m'bokosi lamatabwa, pa sitima mpaka ku Luchenza, kuchoka apo pamitu ya anthu. Ine ndinali kalaliki wa pa esitetiyo. Ndisanapite kumeneko ndinakhala zaka zisanu ku Kabula, m'nyumba yosindikizira nyuzipepala ya azungu, kutola zilembo za mtovu chimodzichimodzi n'kumaziika m'mizere. Lamulo lalikulu la ntchito imeneyo linali lakuti zimene zili papepala ndizo uziike. Mzungu akalemba kuti phiri la Mulanje lili m'nyanja, iwe ika kuti lili m'nyanja, akakangane okhaokha. Ndinachoka kumeneko ndili ndi maso akuthwa, lamulolo lili m'magazi.

Njingayo inalibe magiya, inalibenso chopondera poiliza. Kuti ilire pankafunika munthu woikankha akuthamanga, mwiniwake atakhala kale pampando. Mphamvu inkachoka pa injini kupita ku gudumu lakumbuyo kudzera pa lamba wachikopa. Injiniyo inapanikizidwa pakati pa zitsulo ziwiri zophwatalala, kukula ngati chikhatho cha munthu wamkulu, china kumanja china kumanzere. Chitsulo chilichonse chinali ndi mabowo anayi a mabawuti, awiri olowa m'thupi la njinga, awiri olowa mu injini. Pamalo osalala inkathamanga kuposa galu. Pa chitunda chimene chinali titangooloka mtsinje, panjira ya ku boma, inkatsokomola katatu n'kuima, mpaka wina abwere kumbuyo adzaithandize.

Wokankhayo anali alamu anga, achimwene awo a akazi anga. Anachokera kutsidya kwa Apwitikizi, monga Alomwe ambiri a pa esitetipo, ndipo njinga isanabwere ananyamula mzungu yemweyo pamachila zaka zisanu ndi zitatu. Mzungu wathu sanali wopepuka. Tsiku lina anakwera pa sikelo yoyezera tiyi pofuna kuona ngati ikunama, ndipo kuyambira tsikulo inayambadi kunama. Azungu ena ankanyamulidwa ndi anthu awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Wathuyu ankafuna anayi, enanso asanu ndi atatu akuthamanga pambali kudikira kulandirana. Alamu anatuluka mu ntchito imeneyo ali ndi chotupa cholimba paphewa lakumanja, kukula ngati papaya laling'ono. Mkono sunkakwera kupitirira chibwano. Khasu ankaligwira, koma mzere umodzi unkawatengera nthawi imene ena alimira itatu.

Pa esiteti lamulo linali losavuta kumva. Wokhala pamalo a mzungu amagwira ntchito ya mzungu. Wolephera ntchito nyumba yake inkagwetsedwa, munda n'kupatsidwa kwa wina. Alamu anali ndi nyumba, munda wa chinangwa ndi nandolo, ndi ana anayi. Zonsezi zinkadalira njinga ija. Kukankha kumafuna miyendo ndi chifuwa, manja ali pansi, ndipo miyendo anali nayo. Njingayo ankaipukuta, ankaithira mafuta, ankasamala lamba, kenaka n'kuthamanga pambuyo pake m'fumbi. Ankaikonda kuposa mwiniwake.

Patatha chaka ndi miyezi, injini inayamba kuvina. Misewu yathu inali ya miyala ndi mizu, ndipo chitsulo chimatopa ngati munthu. Alamu ndiwo anayamba kumva.

"Alamu, ikukukuta mano," anandiuza. "Ikamalira muziyang'ana pansipo. Ikugwedeza m'chiuno ngati namwali."

Lachinayi lina akuchokera ku boma, injini inapendekeka, lamba anadumpha n'kumenya mzungu pakatumba, njinga inapita kwina mwiniwake kwina. Anagwera m'ngalande muli chitedze. Anafika panyumba wapansi, akudzikanda ndi manja onse awiri, akutchula Mulungu wake m'njira zimene ku mishoni sankatiphunzitsa.

M'mawa mwake anamasula njinga yekha pakhonde, ife titaima. Chitsulo chakumanzere chinali chitang'aluka kuchokera pabowo mpaka m'mphepete. Anatisonyeza mng'aluwo, nanena kuti zitsulo zonse ziwiri azitumiza kwawo ndi mtokoma wa Lolemba kuti akamupangire zofanana nazo. Ndinawerengera mumtima: sitima mpaka kumunsi, bwato la pamtsinje mpaka ku Chinde, nyanja yaikulu, kenaka zonsezo chobwerera. Miyezi inayi, mvula ikapanda kusokoneza.

"Tulutsani machila," anatero. "Loweruka la sabata yamawa ine boma."

Alamu anagwira phewa lawo.

Madzulo ake akazi anga anandiikira madzi osamba, kenaka anati, "Inu mumadziwa kulemba. Achimwene akagwetseredwa nyumba, ana anayi aja abwera kuno. Mudzawalembere chakudya."

Ndinaganiza za wosula wina wa kupitirira Limbuli, pafupi ndi malire. Anali mkulu wachilomwe amene kale ankakonza mfuti za gogodela kutsidya, ndipo tsopano ankasula makasu, nkhwangwa ndi zikwanje. Loweruka m'mawa ndinapempha mzungu kuti tiyese. Anaseka mpaka kuiwala kudzikanda. Anati tiyese ngati tikufuna, koma zitsulo zake zisachoke mu ofesi, chifukwa munthu wakuda ukamupatsa chitsulo mawa umachipeza chili khasu. Apa sananame kwenikweni.

Pamenepa ntchito yanga yakale inathandiza. Ndinapala mwaye wa nyale, ndinausakaniza ndi mafuta, ndinapaka chitsulo chilichonse mopyapyala, n'kuchidinda papepala loyera ndi chidendene cha dzanja. Zinatuluka bwino kwambiri. M'mphepete monse munaoneka, mng'alu unaoneka ngati tsitsi, mabowo asanu ndi atatu anatsala oyera. Ku Kabula akanandiyamikira. Kuchindikala kwake ndinayeza ndi kachidutswa ka bango. Lolemba zitsulo zenizeni zinapita ndi wamtokoma, ife tinatsala ndi mapepala.

Koma ife tinali titanyamuka kale Lamulungu, ine ndi alamu, titatenga chidutswa cha mkombero wachitsulo wa gudumu la ngolo yakufa imene inali kuseri kwa nyumba yoyanikira tiyi. Tinapeza mkuluyo pachipala chake pansi pa mtengo wa mango, akupopa yekha mvukuto wa chikopa cha mbuzi. Anali wamfupi, wa mikono yaitali, nsidze zinapsa kalekale. Tinapereka moni, tinakhala pansi, ndinatambasula mapepala.

Anawayang'ana nthawi yaitali. Anawatembenuza. Ananunkhiza.

"Ichi n'chiyani, akalaliki?"

"Chimagwira injini ya njinga yamoto, agogo."

"Chija chimaphwisa mumsewu chija?"

"Chomwecho."

Anaika chala chakuda pamng'alu. "Uwunso ndiupange?"

Alamu anaseka. Ine ndinati ayi, mng'aluwo ndiye vuto, ausiye.

Chala chinasuntha kupita pamabowo. "Nanga awa? Ali ngati mazira a nkhanga. Bowo la msomali ine ndimalidziwa lozungulira."

Ndinayang'ana. Analidi otalikirako mbali imodzi, ena kwambiri ena pang'ono. Ndinali ndisanaonepo zitsulo zimenezi zili zatsopano, ndipo mzungu anangotisonyeza mng'alu.

"Mwina akula chifukwa cha kugwedezeka kuja," anatero alamu motsitsa mawu.

"Alamu, inu mumakankha," ndinatero. "Anthu amene anapanga chinthu chimenechi ali ndi makina aakulu kuposa nyumba yanu. Akaboola chonchi ndiye kuti pali chifukwa. Agogo, musasinthe kanthu. Zimene zili papepala ndizo mupange."

"Dzira lililonse ndi kukula kwake?"

"Lililonse."

"Ozungulira ndikanamaliza mawa," anatero. "Mazirawa bwerani Lachitatu."

Lachitatu masana alamu anabwera nazo atazikulunga m'masamba a nthochi. Ndinaziika pamapepala aja ndipo sizinasiyane ngakhale pang'ono. Mkuluyo anaboola ndi chitsulo chamoto, kenaka anakhala masiku awiri ndi tupa, kutalikitsa bowo lililonse mpaka lifanane ndi chidindo changa. Ntchito yokongola chotero ya m'manja sindinaionenso. Mabawuti atsopano tinawapeza mosungira zida za makina opotera tiyi. Tinanyamula injini, tinaipanikiza pakati, tinamanga ndi sipanala mpaka manja kuwawa. Mzungu anabwera ndi kaliwo wake kukamwa, anagwira injini ndi dzanja limodzi n'kuikankha.

Inati gwede. Anaikoka, inatinso gwede.

Anamasula bawuti imodzi, anasuzumira m'bowo, anandiyang'ana, anasuzumiranso. Kenaka anakhala pansi pa masitepe n'kuyamba kuseka, misozi mpaka m'ndevu. Atapeza mpweya anandifotokozera, theka m'Chingerezi theka m'Chinyanja chake chothyokathyoka, kuti mabowowo anabadwa ozungulira. Kutalikako ndiwo anali matenda, mng'alu unangobwera pambuyo. Tinamupangira zitsulo zatsopano zakutha kale.

"Machila, Loweruka," anatero akulowa m'nyumba.

Alamu anadikira chitseko chitsekeke.

"Ine ndimakankha," anatero.

"Ndamva, alamu."

"Inu mumalemba."

"Ndati ndamva."

"Kusukulu anakumenyani zaka zingati kuti mufike pamenepa?"

Tinali ndi masiku awiri, ndipo zitsulo zoyambirira zinali kale panjira ya kunyanja. Papepala sipakanatha kuoneka kuti bowo lenileni linali mbali iti ya dziralo. Panafunika kuti wosulayo aone injini ndi njinga yomwe. Alamu anati iye sangabwere. Anathawa ntchito yokakamiza kwa Apwitikizi, ndipo analumbira kuti sadzapondanso pamalo pamene anthu amadzuka ndi belu. Chipala chakenso sichinkasamuka. Ndiye panatsala kuti injini ipite kwa iye.

Njinga yopanda injini munthu amangoiyendetsa ndi manja. Injini ndiyo inali nkhani: yolemera, yamafuta, yopanda pogwira, yosayenera kugwa. Alamu anapita madzulo omwewo kwa anzawo akale a machila, amene anali atauzidwa kale kuti akonze mapewa. Ine ndinapita kwa mzungu kukapempha anthu asanu ndi mmodzi ndi tsiku limodzi ndi theka. Ndinati machila akhala chaka osagwira ntchito, mpofunika kuwayesa ndi katundu asanakwerepo munthu. Anavomera. Sanafunse kuti katundu wake ndi wanji.

Lachinayi dzuwa likutuluka tinagoneka injini m'machila, pa nsalu yomweyo imene mwiniwake ankagonapo, tinaitsamiritsa ndi masaka, tinatsitsa chotchinga dzuwa. Anthu awiri anakwana. Atangoika mtengo pamapewa, wakutsogolo anaima.

"Anthuni, mulidi kanthu umu?"

"Bwana wawonda," anatero wakumbuyo. "Chitedze chamuthandiza."

Anathamanga ulendo wonse akuimba nyimbo zawo zapanjira, mawu atasintha. Ankatamanda bwana watsopano amene satukwana, salavula, sapempha kuima kuti akataye madzi. Alamu ankabwera pambuyo akuyendetsa njinga, ine pambuyo pawo ndi mabawuti m'thumba. Pafupi ndi Limbuli tinakumana ndi amalonda achiyao atatu atasenza nsalu ndi mchere. Ataona machila a mzungu anapatuka, anatsitsa katundu, anawerama. Wamkulu wawo anapereka moni waulemu kwambiri. Wonyamula wakumbuyo anayankha kuti bwana wamva, koma lero salankhula, wamasulidwa m'chiuno.

Wosula uja anatiyang'ana tikutsitsa injini pamphasa.

"Mazira aja aswa?" anafunsa.

Ndinafotokoza zonse, osabisa kuti wolakwa ndine. Sanandinyoze. Anangopempha mapepala aja, anawapinda bwinobwino, anawaika pamakala kuti moto ugwire msanga.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Anatiuza tiimike njinga, tikweze injini pamitengo mpaka ikhale pamalo ake enieni. Anamanga ulusi kuchokera pakagudumu ka injini mpaka pa gudumu lakumbuyo, pomwe lamba amadutsa, ndipo anatisunthitsa injiniyo pang'onopang'ono mpaka ulusi unawongoka. Atakhutira anapaka dothi lofiira pansonga za mabawuti, anagunditsa chitsulo, madontho anatsala pomwe mabowo amayenera kukhala. Zitsulo zija sanazitaye. Ankatenthetsa bowo limodzi mpaka kufiira, n'kulimenya m'mbali kuti litsekeke, kenaka n'kulowetsa kachitsulo kozungulira kofanana ndi bawuti, pa dontho penipeni, n'kumenyanso kuti chitsulo chikumbatire. Akatero ankachiyesa panjinga. Chikakana, chibwerere pamoto. Bowo lina linabwerera kasanu. Ine anandipatsa mvukuto, nati ntchito imeneyo siifuna maganizo.

Tinagona komweko. Lachisanu dzuwa lili pamutu anamanga bawuti yomaliza, anadula tizikopa ta ng'ombe n'kutiika pansi pa manati kuti asamasuke ndi kugwedezeka. Anagwira injini ndi manja onse awiri, anaikoka ndi thupi lonse. Njinga yonse inasuntha, injini osagwedera.

"Pulonto," anatero, monga amanenera kutsidya akamaliza. "Tengani chinthu chanu. Nkhuku zanga zikuopa."

Loweruka m'mawa machila anali pakhonde, anthu khumi ndi awiri ataima, alamu pakati pawo chifukwa kapitawo anali atawawerengera kale. Njinga inali pambali, yopukutidwa. Mzungu anatuluka, anaiyang'ana, anaigwedeza monga anachitira Lachitatu. Anagwada, zimene sankachita kawirikawiri, nayang'ana pansi nthawi yaitali. Anadzuka, anakwera.

"Kankha."

Alamu anakankha. Inalira atangoponya phazi kachisanu, kulira kosalala kumene tinali titakuiwala. Anthu a machila anakuwa ngati kwabadwa mwana. Ine ndinabwerera mu ofesi.

Madzulo alamu anafika kwathu ali mbuu ndi fumbi, nkhope ili yoipa kuposa tsiku la ngozi. Anakhala pakhonde osapereka moni.

"Yakwera yokha," anatero.

"Chiyani?"

"Chitunda chija. Ndinafika pamtsinje ndikuthamanga, manja ndakonza kale, ndinangoona fumbi pamwamba. Sinatsokomole n'kamodzi komwe. Ndinamupeza ku boma atamwa kale tiyi."

Ulusi wa mkulu uja unali utawongola zimene ngakhale opanga njingayo sanawongole bwino. Lamba sankatereranso, mphamvu yonse inkafika pagudumu. Pobwerera mzungu anawauza mokondwa kuti tsopano wothamanga pambuyo safunikanso. Kuiliza pakhomo angathe wophika, ku boma angathe mesenjala aliyense. Alamu amalize sabata yotsatira, kenaka akaonane ndi kapitawo za kumunda.

"Poyamba munapanga zoipa kwambiri," anatero alamu. "Tsopano mwapanga zabwino kwambiri. Inu simudziwa zapakati?"

Akazi anga anaika chakudya, alamu anadya akuyang'ana mtengo wa nsatsi umene unali kuseri kwa khola. Pochoka anapempha mlongo wawo kansupa ka mafuta ake.

Lachiwiri kunali ulendo wina wa ku boma, womaliza kwa alamu. Lamba ankasamala ndi iwo, ndipo palibe amene ankayang'ana zimene akuchita m'mawa pakhonde. Anaviika nthenga ya nkhuku m'mafuta a nsatsi, anaipititsa kamodzi mkati mwa lamba. Pamalo osalala njinga inayenda ngati kale. Pakati pa chitunda injini inalira mokweza, lamba akuzungulira, gudumu osayenda. Mzungu anatsitsa miyendo, njinga inayamba kubwerera chambuyo kulowera kumtsinje, ndipo anakuwa ndi mawu amene anamveka mpaka m'minda ya tiyi. Alamu anati sanafulumire. Anafika, anaika manja, anakankha.

Madzulo amenewo mzungu anandiuza kuti zitsulo za wosula wathu n'zabwino ndithu, koma chitsulo cha m'mudzi chili ndi malire ake, sungachikhulupirire pachitunda. Wokankha akhalebe. Ndinavomereza kuti maganizo amenewo ndi anzeru.

Zitsulo za kwawo zinafika patatha miyezi isanu, zonyezimira, zokulungidwa m'pepala lamafuta. Mzungu anaziika m'kabati kudikira tsiku limene zathu zidzathyoke, ndipo pamene boma linatenga njingayo kupita nayo kunkhondo zinali zikali m'kabatimo. Pofika nthawi imeneyo mwana woyamba wa alamu anali atakula moti ankagwira ntchito m'malo mwa bambo ake, ndipo nyumba inakhala chiimire.

Muyeso wa mafuta alamu anaudziwa bwino: nthenga imodzi nthawi ya dzuwa, nthawi ya mvula osapaka n'komwe, chifukwa madzi ankagwira okha ntchitoyo. Anaphonya kamodzi kokha. Anapaka m'mawa kuli ngwee, mvula inawapeza asanafike pamtsinje, ndipo lamba anakana kugwira ngakhale pamalo osalala. Anakankha njinga ndi mwiniwake yemwe kuchokera pamtsinje mpaka ku boma, mzungu atakhala pampando ndi ambulera. Anafika kwathu mawa lake akutsimphina, anakhala pansi movutikira, natambasula miyendo.

"Mlongo," anatero, "nthenga ija inali ya tambala, inamwa mafuta ambiri. Uzindipatsa ya thadzi."